Soketi ya purosesa: mugule makina a kaunjika, AM4, LGA1700 kapena AM5?

Pogula kompyuta ya pa desiki, ambiri timafunsa funso limodzi: "Ndi i5 kapena i7?" Wogulitsa amayankha, ife n'kulipira, n'kunyamula. Pakapita zaka ziwiri kompyuta ija ikayamba kuchedwa, mwini wake amapita nayo kwa okonza kuti amuikire purosesa yamphamvu, ndipo ndi tsiku limenelo pomwe amamva koyamba za soketi. Nthawi zambiri amauzidwa kuti sizitheka.

Soketi ndi malo a pa motherboard (bodi yaikulu yomwe zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo) pomwe purosesa, ubongo wa kompyuta, imakhala. Ya Intel imatchedwa LGA, ndipo nambala yotsatira ndi kuchuluka kwa mapini: LGA1151, LGA1200, LGA1700, LGA1851. Mapiniwo amakhala pa bodi, purosesa imangokhala pamwamba pake. AMD ili ndi AM4, yomwe mapini ake 1331 ali pa purosesa penipenipo, ndi AM5, yomwe mapini ake 1718 ali pa bodi ngati mmene Intel imachitira. Purosesa ya soketi ina silowa m'soketi ina, ndipo ya Intel silowa pa bodi ya AMD. Choncho pamene mukusankha soketi, mwasankhiratu mapurosesa omwe mudzathe kuika mtsogolo, mtundu wa RAM (memory yomwe kompyuta imagwiritsa ikamagwira ntchito) yomwe mudzagule, ngakhalenso fani yoziziritsira.

Ine ndimaona kuti nkhani ya kukweza kompyuta, kutanthauza kuiikira zipangizo zamphamvu, imanyenga anthu mbali ziwiri. Ena safunsa n'komwe, amagula makina omwe njira yake inatha kalekale. Ena amawonjezera ndalama zambiri pogula bodi "ya mtsogolo", koma purosesa yake sadzaisintha mpaka kompyutayo itatha. Chofunika ndi kudziwa kusintha komwe mudzachitedi, n'kulipirira kumeneko basi.

Zoyenera kuona musanayerekeze

Choyamba ndi m'badwo wa purosesa. Dzina lakuti i5 palokha silikuuzani kanthu, chifukwa i5 inalipo mu 2011 ndipo inalipobe mu 2023. Onani manambala otsatira: i5-3470 ndi ya m'badwo wachitatu, i5-8500 wachisanu n'chitatu, i5-12400 wa 12. Izi zakula chifukwa cha Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (gawo la chitetezo la m'kompyuta) ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo, kapena Ryzen kuyambira pa 2600 ndi zinzake. Ryzen 1000 mulibe pa mndandanda, ngakhalenso 2200G ndi 2400G, ngakhale manambala ake akuyamba ndi 2.

Chachiwiri: soketi yokha siyokwanira. Pa bodi pali chipset, kachipangizo kolumikiza purosesa ndi zigawo zina, ndipo pali BIOS, kapulogalamu komwe kamazindikira purosesa kompyuta ikangoyatsidwa. Purosesa itha kulowa bwinobwino m'soketi koma makina osayaka, chifukwa chipset siyiyilandira kapena BIOS ndi yakale. Kampani iliyonse yopanga mabodi imaika pa tsamba lake mndandanda wa mapurosesa omwe bodi iliyonse imalandira. Werengani mndandandawo musanatulutse ndalama. Kuti mudziwe bodi yomwe ili m'makina omwe akukugulitsani, lembani msinfo32 pa Windows, kapena tsegulani CPU-Z, kapulogalamu kaulere.

Chachitatu ndi RAM. Mitundu yake, DDR3, DDR4 ndi DDR5, ili ndi kampata pamalo osiyana, choncho ina silowa m'malo mwa inzake. Kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse, makampani atatembenukira ku kupanga memory ya maseva a AI, ndipo munthu amene ali kale ndi DDR4 yabwino m'nyumba ali ndi chifukwa chomveka chokhalira pa soketi yomwe imailandira.

Chachinayi ndi chithunzi. Purosesa ina imatulutsa yokha chithunzi pa sikirini, ina imafuna graphics card. Ya Intel yomwe ili ndi F kumapeto, monga i5-12400F, siitulutsa chithunzi. Pa AM4 ndi zosiyana: Ryzen yokhayo yomwe ili ndi G pambuyo pa manambala, monga 5600G, ndiyo imatulutsa. Anthu ambiri agwa pamenepa, kugula Ryzen 5 5600 motchipa n'kupeza kuti sikirini ili bii mpaka atagula khadi.

Chomaliza ndi magetsi ndi bokosi. Purosesa yamphamvu imadya magetsi ambiri ndipo imatentha, ndiye imafuna power supply yokwanira ndi fani yabwino. Kwa ife amene magetsi amatithimira kawirikawiri, ena tikudalira sola ndi inveta, kusiyana kwa purosesa ya 35W, 65W ndi ina yokoka kupitirira 200W kumaoneka pa nthawi yomwe UPS, batire yothandiza kompyuta magetsi akathima, imapirira.

Njira iliyonse ndiiona pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka, kusamala ndi zoopsa.

Makina akale a mu ofesi: LGA1155, LGA1150 ndi LGA1151 yoyamba

Awa ndi ma Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre omwe makampani a kunja anasiya, ndipo ndi omwe adzaza m'mashopu ambiri ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka. LGA1155 inabwera mu 2011 ndipo imalandira m'badwo wachiwiri ndi wachitatu, monga i5-2400 ndi i5-3470. LGA1150 ya 2013 ndi ya m'badwo wachinayi, ma i5-4570 ndi i7-4790, omwe amapezeka mu OptiPlex 9020 ndi EliteDesk 800 G1. LGA1151 yoyamba, ya 2015, ndi ya m'badwo wa 6 ndi 7.

Mtengo. Palibe njira yotchipa kuposa iyi, ndipo DDR3 yakale imapezeka pamtengo wotsika. Koma kukweza purosesa pano ndi kutaya ndalama. Purosesa yapamwamba pa soketi iliyonse yakale imakhalabe yodula chifukwa aliyense wofuna kukweza amaifuna yomweyo. Tengani i7-7700: ili ndi ma core (tizigawo togwira ntchito ta mkati mwa purosesa) anayi, ndipo i3-12100 ya 2022, yomwe ili ndi ma core anayinso, imaiposa liwiro moonekeratu. Ndalama zanu zigwira ntchito kwambiri mukachotsa hard disk n'kuika SSD, chosungira mafayilo chachangu, kenako n'kufikitsa RAM pa 8GB kapena 16GB.

Kupezeka. Ali ponseponse, zipangizo zake zilinso ponseponse, ndipo wokonza aliyense amawadziwa.

Kusamala. Ambiri mwa makinawa akwanitsa zaka khumi kapena kupitirira. Batire yaing'ono ya pa bodi, CR2032, imakhala itatha, ndiye tsiku ndi nthawi zimasokonekera ndipo masamba a pa intaneti amakana kutseguka. Thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi fani, imakhala itauma. Zonsezi n'zotchipa kukonza.

Zoopsa. Onsewa sali pa mndandanda wa Windows 11. Wogulitsa atha kukuonetsani Windows 11 ikuyenda pa i5-4570, ndipo n'zoona kuti pali njira zolambalala, koma Microsoft silonjeza kuti makina otero adzapitiriza kulandira zosintha. Ngati mumalowa m'akaunti ya banki kapena kusunga zikalata za makasitomala pamenepo, ganizani kawiri, kapena ikani Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe zimayenda bwino pa makina otere. Samalaninso ndi mayina. OptiPlex 3040 ndi 5040 ndi za m'badwo wa 6 koma zimagwiritsa DDR3L, pomwe 7040 imagwiritsa DDR4. Ndipo Dell inagwiritsanso dzina lakuti OptiPlex 7010 kawiri, pa makina a 2012 a m'badwo wachitatu ndi pa ena a 2023 a m'badwo wa 13. Musakhutire ndi dzina la pa bokosi, onani purosesa. Pa ma power supply ena akale ochokera ku America pali kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230. Kuno magetsi ndi 230V, ndipo mukalumikiza kali pa 115, power supply imapsa nthawi yomweyo.

Makina a mu ofesi a m'badwo wa 8 mpaka 11: LGA1151 yachiwiri ndi LGA1200

Apa pali msampha womwe uyenera kufotokozedwa bwino. Mu 2017 Intel inatulutsa m'badwo wa 8 pa soketi ya dzina lomwelo, LGA1151, mapini ake ochuluka chimodzimodzi. Purosesa ya i5-8500 imalowa bwino pa bodi ya m'badwo wa 6 kapena 7, chotsekera n'kutsekeka, koma siyaka. Imafuna chipset ya gulu la 300, monga H310, B360, Q370 kapena Z390. Munthu amene ali ndi OptiPlex 7050 sangaikweze kufika m'badwo wa 8, ndipo amene angamuuze kuti "soketi ndi imodzimodzi" akumusokeretsa. LGA1200 ya 2020 nayo ili ndi kamsampha kake: ndi ya m'badwo wa 10 ndi 11, koma mabodi a H410 ndi B460 salandira wa 11.

Mtengo. Ndi okwererapo kuposa akale aja, ndipo anakwerabe chifukwa aliyense akufuna makina olandira Windows 11. Kusiyanako ndi koyenera kulipira. I5-7500 ili ndi ma core anayi, i5-8500 ili ndi asanu ndi limodzi, ndipo zaka zomwe zikusiyanitsa ziwirizi sizikwana n'komwe ziwiri.

Kupezeka. OptiPlex 3060, 5060 ndi 7060, EliteDesk 800 G4, ThinkCentre M720 ndi M920 ndi mayina oti muwasunge m'mutu. Akubwera ochuluka tsopano chifukwa maofesi a kunja akuwasiya. A m'badwo wa 10, monga OptiPlex 7080 ndi EliteDesk 800 G6, ayambanso kuoneka.

Kusamala. Anapangidwa kuti azitsegulidwa popanda sikurudiraiva, ndipo ambiri ali ndi malo a SSD ya M.2. Kupukuta fumbi, makamaka m'miyezi yotentha ya September ndi October, ndiko ntchito yaikulu. Timakina tating'ono kwambiri, ta Micro, Mini kapena Tiny, timagwiritsa mapurosesa a T kumapeto, monga i5-8500T ya 35W. Timadya magetsi ochepa zedi, ndipo kwa wodalira sola ndi dalitso.

Zoopsa. Kukweza kuli ndi malire omwe wopanga anaika. Pa makina ambiri a m'badwo wa 8 mutha kuchotsa i3-8100 n'kuika i5-8500 kapena i7-8700, basi. Power supply za makina ambiri otere ndi zazing'ono, nthawi zambiri pakati pa 180W ndi 260W, ndipo mawaya ake ndi a kampaniyo yokha, moti simungagule wamba m'shopu n'kulumikiza. Bokosi laling'ono la SFF limalandira graphics card zazifupi zokha zosafuna waya wa magetsi, monga GT 1030, RX 6400 kapena GTX 1650 ya low profile. Bodi ikafa, muyenera kupeza ina ya makina omwewo. Funsaninso ngati BIOS ilibe pasiwedi yosiyidwa ndi kampani yomwe inkagwiritsa ntchito makinawo.

AM4

Iyi ndi soketi yomwe ndimaikonda kwambiri, ndipo chifukwa chake ndi mbiri yake. Ryzen yoyamba inatuluka pa AM4 mu March 2017. Pa soketi yomweyo panadza Ryzen 2000, 3000 ndi 5000, ndipo AMD inatulutsabe 5800X3D mu April 2022 ndi 5700X3D mu January 2024. Mu 2022 inalola kuti ngakhale mabodi oyambirira a A320, B350 ndi X370 alandire Ryzen 5000 kudzera mu BIOS yatsopano. Munthu amene anagula B350 ndi Ryzen 3 1200 mu 2017 anatha kuika Ryzen 5 5600 patapita zaka zisanu osasintha bodi kapena RAM, ndipo kompyuta yake inakhala ngati yatsopano. Pa nthawi yomweyi Intel inasintha kuchoka pa LGA1151 yoyamba kupita pa yachiwiri, kenako LGA1200, kenako LGA1700.

Mtengo. Ryzen 5 5600 inayamba kugulitsidwa pa madola 199 mu 2022 ndipo inatsika kwambiri pambuyo pake. Mabodi a B450, A520 ndi B550 ndi otchipa poyerekeza ndi a AM5, ndipo DDR4 yogwiritsidwapo ntchito imapezeka. Mapurosesa ambiri a 65W amabwera ndi fani m'bokosi. A X3D okha ndi omwe ali odula, chifukwa osewera magemu akuwafunafuna ndipo atsopano akusowa.

Kupezeka. M'mashopu a kuno AM4 sichuluka ngati Intel, chifukwa makina a kaunjika ambiri ndi a Intel. Zipangizo zambiri zimachokera ku South Africa, ku Dubai kapena kudzera pa intaneti. Amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku UK sangavutike, chifukwa kumeneko anthu ambiri akusamukira pa AM5 n'kumagulitsa za AM4 zawo.

Kusamala. Mapini ali pa purosesa, ndipo chotsekera cha soketi sichigwira mwamphamvu. Thermal paste ikauma imamata purosesa ku fani, ndiye mukakoka fani molunjika, purosesa imazuka nayo pamodzi, mapini n'kupindika. Yambani mwayatsa kompyuta kwa mphindi zingapo kuti itenthe, muzimitse, kenako tembenuzirani fani pang'onopang'ono uku ndi uku musanainyamule. Ubwino wake ndi wakuti pini yopindika ya pa purosesa munthu wodekha amatha kuiwongola, pomwe mapini a m'soketi ya LGA akapindika nthawi zambiri bodi yonse yapita.

Zoopsa. Yaikulu ndi BIOS, ndipo kwa ife ndi yaikulu kwenikweni. Bodi ya B450 yomwe yakhalitsa m'shopu itha kusazindikira Ryzen 5000 mpaka BIOS itasinthidwa, ndipo kuti muisinthe pamafunika purosesa yakale, pokhapokha bodiyo ili ndi batani la BIOS Flashback. Magetsi akathima pakati pa ntchito yosintha BIOS, bodi itha kufa. Musayerekeze n'komwe kuchita zimenezi popanda UPS yodzaza bwino. Mabodi ena akale ali ndi malo ochepa osungira BIOS, ndiye akalandira mapurosesa atsopano amasiya kuzindikira ena akale. A520 ndi B550 salandira Ryzen 1000 ndi 2000. Bodi yotchipitsitsa ya A320 siyenera kunyamula purosesa ya ma core 12 kapena 16, ngakhale mndandanda utalola, chifukwa zigawo zake zoperekera magetsi zimatentha. Chenjezo lina: ma Ryzen PRO ena ochotsedwa m'makina a Lenovo amakhala atamangidwa ku Lenovo ndipo sayaka pa bodi ina. Ndipo tisabisane, njira ya AM4 yafika kumapeto. Ryzen 5000 ndiye denga lake.

Pakati pa 5600 ndi 5600G sankhani moganizira: 5600G imakupulumutsani ku graphics card, koma cache yake (memory yachangu ya mkati mwa purosesa) ndi 16MB pomwe ya 5600 ndi 32MB, ndipo 5600G imathera pa PCIe 3.0, njira yakale yolumikizira khadi ndi SSD. Ngati mukudziwa kuti khadi mugula, tengani 5600.

LGA1700

Inabwera kumapeto kwa 2021 ndi m'badwo wa 12, n'kulandiranso wa 13 mu 2022 ndi wa 14 mu 2023. Ili ndi chinthu chomwe ena alibe: mabodi ake alipo a DDR4 ndi a DDR5. Bodi imodzi siilandira zonse ziwiri, ndiye werengani bwino dzina lake, pomwe nthawi zambiri pamalembedwa D4 kapena DDR4.

Mtengo. Pansi pake ndi pabwino kwambiri. I3-12100 ndi i5-12400 pa bodi ya H610 kapena B760 ya DDR4 zimapikisana ndi AM4 pa mtengo, ndipo core imodzi payokha ndi yachangu kuposa ya Ryzen 5000 wamba. Pamwamba pake mtengo umabisala mu fani ndi power supply: mapurosesa okhala ndi K kumapeto sabwera ndi fani, ndipo i9-13900K imaloledwa kukoka mpaka 253W.

Kupezeka. Makompyuta atsopano ambiri a HP, Dell ndi Lenovo omwe akugulitsidwa m'mashopu ali pa soketi imeneyi, ndipo mabodi ake ndi osavuta kuitanitsa.

Kusamala. Mabowo omangira fani anatalikirana kuposa a LGA1151 ndi LGA1200, ndiye fani yakale imafuna zomangira zatsopano. Poika purosesa musakhudze mapini a m'soketi, ndipo kachivindikiro ka pulasitiki komwe kamabwera pa soketi kasungeni. Bodi ya gulu la 600 imafuna BIOS yatsopano kuti ilandire m'badwo wa 13 kapena 14.

Zoopsa. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka i7, i9 ndi i5 za K, ankapempha magetsi opitirira muyezo ndipo ankawonongeka pang'onopang'ono, makompyuta n'kumazima kapena kuonetsa sikirini ya buluu. Inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS mu August ndi September chaka chomwecho, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Zokonzazo zimateteza purosesa yomwe ili bwino, koma yomwe inawonongeka kale siichira. Kwa munthu wogula ya kaunjika ali kutali ndi komwe inagulidwa, waranti ija ndi yovuta kuigwiritsa ntchito. Choncho i7 kapena i9 ya 13 ndi 14 yogwiritsidwapo ntchito ine sindingalimbikitse munthu kuigula. M'badwo wa 12 sunakhudzidwe ndi vutoli. Zimenezi zikutanthauzanso kuti njira yokwezera pa LGA1700 ndi yaifupi kuposa mmene imaonekera papepala.

AM5

Inayamba mu September 2022 ndi Ryzen 7000, kenako 8000G mu January 2024 ndi Ryzen 9000 mu August 2024. AMD inanena poyera kuti idzaithandiza mpaka 2027 ndi kupitirira. Pa masoketi onse omwe tikukambirana, iyi ndiyo yomwe ili ndi lonjezo lotere, ndipo mbiri ya AM4 imachititsa kuti lonjezolo likhulupirike.

Mtengo. Polowera ndi podula. Ryzen 5 7600 inayamba pa madola 229, zomwe si zoopsa, koma bodi ya B650 ndi yokwera kuposa B550 ndipo RAM ndi DDR5 yokha. Kwa amene amalandira makwacha, pambuyo pa kugwa kwa ndalama ndi 44 peresenti mu November 2023 komanso kusowa kwa ndalama zakunja, kusiyanaku kumapweteka. A620 imachepetsako mtengo, koma mabodi ena a A620 amachepetsa magetsi omwe purosesa ingakoke, ndiye mukagula bodi yotero mwadula njira yomwe munailipirira.

Kupezeka. Zatsopano zilipo kunja mosavuta. Kuno nthawi zambiri mumachita kuitanitsa, ndipo chikafa mumadikira.

Kusamala. Mafani ambiri a AM4 amakwanira pa AM5. Ryzen 7000 ndi 9000 zimatulutsa chithunzi zokha, kupatula za F monga 7500F, ndipo 8600G ndi 8700G zili ndi mphamvu yokwanira magemu ambiri popanda khadi. Koyamba kuyatsa, makina amatha kukhala chete kwa mphindi zingapo akuyesa RAM. Musathamangire kuzimitsa. Ma 7600X ndi 7700X anapangidwa kuti azifika 95°C akamagwira ntchito yolemera, koma m'chipinda chotentha cha ku Chikwawa kapena Mangochi ndi bwino kutenga a 65W opanda X.

Zoopsa. Mu 2023 mapurosesa ena a 7000X3D anapsa chifukwa cha magetsi ochuluka omwe mabodi ena ankapereka, ndipo AMD inaika malire a 1.3V kudzera mu BIOS. Bodi ya kale ya AM5 iyenera kusinthidwa BIOS musanayatse EXPO yothamangitsira RAM. Choopsa china ndi cha m'thumba: kulipira zonsezi pa kompyuta yomwe ntchito yake ndi Word, Excel ndi YouTube.

LGA1851

Iyi ndi ya Core Ultra 200S, monga Ultra 5 245K ndi Ultra 7 265K, yomwe inatuluka mu October 2024. Pa mtengo, bodi za B860 ndi Z890 pamodzi ndi DDR5 zimaiika m'gulu limodzi ndi AM5. Kupezeka kwake kuno ndi kochepa, kupatula m'makompyuta atsopano a makampani. Kusamala n'kosavuta: imalandira mafani a LGA1700 ndipo imadya magetsi ochepa kuposa m'badwo wa 14. Choopsa chake ndi mbiri ya Intel, yomwe nthawi zambiri yakhala ikupereka mibadwo iwiri pa soketi imodzi. Igulireni ntchito yomwe ichite lero, monga kukonza mavidiyo, osati chiyembekezo chodzakweza.

Mawu awiri pa laputopu ndi ma Xeon otchipa

Pa laputopu nkhani ya soketi inatha. Kuyambira m'badwo wachisanu wa Intel mapurosesa a laputopu amawotcheredwa pa bodi, ndipo omaliza kuchotseka anali ena a m'badwo wachinayi okhala ndi M kumapeto, monga a mu ThinkPad T440p. Funso lanu likhale lakuti RAM ili pa kandodo kochotseka kapena ndi yowotcherera, komanso ngati SSD imachotseka. Pa MacBook za M1 kupita mtsogolo palibe chomwe mungasinthe, ndiye RAM ndi malo osungira zomwe mwagula tsiku loyamba ndi zomwezo mpaka kalekale.

Pa intaneti mudzaonanso mabodi a X79 ndi X99 ochokera ku China, ogulitsidwa pamodzi ndi Xeon ya ma core ambiri pamtengo wokopa. Ndi mapurosesa a maseva akale, amadya magetsi, satulutsa chithunzi, sali pa mndandanda wa Windows 11, ndipo mabodi ambiri otere amapangidwa ndi chipset zochotsedwa pa mabodi ena. Ndi za munthu wokonda kuyesayesa, osati wodalira kompyuta kuti adye.

Ndiye mugule iti?

Ngati ndinu wophunzira, mphunzitsi, mlembi wa mpingo kapena mwini shopu yosindikiza zikalata, gulani makina a mu ofesi a m'badwo wa 8 kapena kupitirira, okhala ndi i5, SSD ndi RAM ya 16GB ngati mungakwanitse. Za kusintha purosesa iwalani. Ngati mumadalira sola kapena inveta, tengani kakang'ono ka T.

Ngati ndalama zikungokwana makina a m'badwo wachitatu, wachinayi kapena wa 6, gulani mukudziwa kuti ndi a Linux kapena a ntchito zosakhudza ndalama pa intaneti, ikanimo SSD, ndipo musaonjezerepo tambala ina pa purosesa. Sukulu yofuna makompyuta ambiri ophunzitsira ana kutayipa itha kupindula nawo.

Ngati muli kale ndi bodi ya AM4 ndi Ryzen 1000, 2000 kapena 3000, musagule kompyuta ina. Sinthani BIOS muli pa UPS, ikani 5600 kapena 5700X, ndipo ndalama zotsala zipite ku RAM.

Ngati mukumanga yanu koyamba ndi ndalama zochepa, ya zojambula, nyimbo kapena magemu, sankhani pakati pa B550 ndi Ryzen 5 5600, kapena B760 ya DDR4 ndi i5-12400. Zimayenda mofanana, ndiye tengani yomwe mungaipeze ndi waranti pafupi. Wopanda ndalama ya graphics card atenge 5600G kapena 12400 yopanda F.

Ngati kompyuta ndiyo imakubweretserani ndalama, mumakonza mavidiyo a maukwati, kujambula mapulani a nyumba kapena kulemba mapulogalamu, ndipo mukudziwa kuti pakapita zaka zitatu mudzafuna ma core ambiri, AM5 ndi B650 kapena B850 yabwino ndiyo yanu. Yambani ndi 7600 kapena 7700, ndipo pa bajeti yomweyo muikepo power supply ya kampani yodziwika ndi UPS.

Ngati mukugulira ofesi makina atsopano ambiri, soketi isakutayitseni nthawi, chifukwa palibe adzatsegule makina makumi awiri kuti asinthe mapurosesa. Funsani zaka za waranti, funsani ngati wogulitsayo amakonza konkuno, ndipo ngati ndi i7 kapena i9 za m'badwo wa 13 ndi 14, onetsetsani kuti BIOS yake ndi ya kumapeto kwa 2024 kapena pambuyo pake musanasaine.